Chala pa Njerwa

Basi idatifera tisanalowe Lusaka,
Chongwe tamusiya kumbuyo, dzuwa lili paliwombo.
Kondakitala adati mphindi khumi zokha.
Mphindi khumi za kondakitala ndimazidziwa ine,
choncho ndidakoleka chikwama cha zida paphewa,
supuni yomangira ndi levulo zikugogodana m'katimo,
n'kutsata kanjira ka ngolo kokwera chitunda.

Idayamba kuoneka ndi nsanja, pamwamba pa mibulugamu,
kenaka malata adzimbiri,
kenaka tchalitchi chonse, psuu ngati chulu chovumbwa,
chachikulu moti mudzi ungalowemo ndi mbuzi zake zomwe.

A Shamputa ankasesa maluwa a jakaranda pabwalo.
Akasesa apa, mtengo ukuthothola apo.
Sadandifunse mpingo wanga.
Adangoyang'ana nsapato zanga za simenti
n'kusolola kiyi wotalika ngati mpeni.

M'katimo mudali kuzizira kwa mtsuko.
Mileme padenga, fungo la makandulo akale,
mabenchi osalala chifukwa cha mibadwo ya zigongono.
Galasi lina la pazenera lidasweka kalekale
ndipo pamalo pa nkhope ya woyera uja
wina adatsekapo ndi katoni ya sopo.
Kuwala kudalowabe,
kobiriwira, kofiirira, n'kugona pamapazi anga.

Kupemphera ndidaiwala, ndisaname.
Ine maso adali pa mizere ya njerwa.
Ndidatulutsa levulo mwakachetechete ngati ndikuba
n'kuigoneka pakhoma la kumadzulo.
Kathovu kadanjenjemera pang'ono
n'kukhazikika pakati penipeni.
Zaka zonsezo, mvula zonsezo, chiswe chonsecho.
Ndidavula chipewa.

Kuseri kuli manda a azungu asanu ndi awiri,
mayina ozokota bwino pamwala,
wina adafa ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi,
malungo, adatero a Shamputa, akuzula chisoso.
Ndidafunsa za amene adaponda dothi,
amene adasenza madzi kuchoka kudambo,
amene adachezera uvuni usiku wonse maso ali gwa.
Iwo adaloza ndi tsache
kuthengo kwa udzu wautali, kopanda mtanda.

Pobwerera ndi pomwe ndidachiona,
mzere wachitatu kuchokera pansi, pafupi ndi khomo la m'mbali:
chala chodinda panjerwa isanaume.
Ndidagwada n'kuikapo changa.
Sichidakwane.
Kadali kachala kakang'ono, ka mwana,
kapena ka mtsikana wotumidwa kukayanika
amene adafuna kudziwa ngati yalimba,
mwina adakalipiridwa, mwina palibe adaona.
Moto udasunga.

Pamwamba pake mng'alu wayamba kukwera
ndipo wina adamatapo simenti yakuda.
Ndidati, bambo, musamatero,
njerwa zotere zimafuna laimu, zimapuma izi,
simenti idzazitsamwitsa.
Adaseka. Adati komiti ya ndalama idzakhala mwezi wamawa,
idakhalanso chaka chatha.
Adandithyolera mango awiri osapsa
mumtengo womwe akuti ndi wamkulu kuposa belu.

Hutala idalira kumsewu, katatu.
Ndidatsika chothamanga, levulo ikundimenya m'nthiti.

Tidalowa m'tauni magetsi atayaka,
Chelstone, Manda Hill, anyamata a Intercity kulimbirana katundu.
Mawa ndikayamba mpanda wa bwana ku Chalala,
mabuloko a makina, onse nkhope imodzi,
pamwamba waya wamagetsi.
Tisauke waimba kufunsa ngati ndafika bwino.
Ndati ndafika.
Za kachalako ndalephera poyambira,
ndangomuuza kuti mango a kuno sanapse
ndipo auze Chikondano asamasewere ndi matope
atavala yunifolomu.
Kenaka ndati ayi, msiye.